Pulogalamu Ikafunsa Nambala, Munthu N'kulemba Zina: Kuyerekeza Njira Zinayi Zotsimikizira Manambala pa Console

Pulogalamu yanu ya pa console, sikirini ya mawu okhaokha pomwe munthu amayankha polemba, yafunsa kuti "Lembani zaka zanu", kenako yakhala chete kudikira. Inu m'mutu mwanu muli 25. Koma munthu woyamba walemba "zaka 25". Wachiwiri chala chamuterera, wagunda chilembo O m'malo mwa ziro. Wachitatu wangodina Enter osalemba kanthu, wachinayi wagoneka chala pa 9 mpaka mzere kudzaza. Palibe wachita zachilendo apa, ndi mmene anthu amachitira akakhala pa kiyibodi. Kiyibodi siitumiza manambala, imatumiza zilembo, ndipo ntchito yosandutsa zilembozo kukhala nambala yodalirika ili m'manja mwa wolemba pulogalamu.

Njira zodziwika zochitira zimenezi ndi zinayi: kuwerenga nambala mwachindunji, kuwerenga mzere wonse kenako n'kuusandutsa, kuyamba mwayeza maonekedwe a zilembo, ndiponso kugwiritsa ntchito laibulale, yomwe ndi khodi yolembedwa kale ndi anthu ena. Ndineneretu kuti ine ndimakondera yachiwiri. Komabe zinazo zili ndi malo ake, ndipo yachiwiriyo ili ndi misampha yakenso.

## Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Mtengo. Pano sitikunena ndalama, popeza zida zonse zomwe ndikutchula zimapezeka ulere. Mtengo wake ndi nthawi yanu komanso kuchuluka kwa khodi yomwe muyenera kulemba kuti njirayo igwire bwino. Ndikuti "igwire bwino", osati "ingooneka ngati yagwira".

Kupezeka. Kodi njirayo imabwera limodzi ndi chilankhulo chomwe mukulembera, kapena mpaka muikemo china chake? Nanga imayenda pa compiler (chida chosandutsa khodi kukhala pulogalamu) yakale yomwe ili pa kompyuta ya mnzanu?

Kusamalira. Mukabwerera ku pulogalamuyo patapita miyezi kuti muwonjezere funso limodzi, kodi mafunso ena aja akhalabe bwinobwino?

Zoopsa. Izi zili m'magulu awiri. Pali zolakwika zaphokoso, pomwe pulogalamu imagwa kapena imazungulira osaleka. Palinso zolakwika zachete, pomwe nambala yolakwika imalandiridwa ngati yabwino n'kupitirira nayo. Zaphokosozo zimakwiyitsa koma mumazidziwa tsiku lomwelo. Zachetezo mumadzazitulukira mochedwa, zitaipitsa kale zowerengera zonse.

Njira iliyonse muiyese ndi zolowa izi musanaikhulupirire:

- mzere wopanda kanthu
- `12abc`
- `3.5` pomwe mukufuna nambala yathunthu
- `1 000` ndi `1,000`
- `-1` pomwe mukuwerenga kuchuluka kwa zinthu
- `010`
- `99999999999`
- kutha kwa zolowa, komwe kumabwera munthu akadina Ctrl+D pa Linux ndi macOS, kapena Ctrl+Z ndi Enter pa Windows

Nambala yaitaliyo ili ndi chifukwa chake. `int`, malo osungira nambala yathunthu, ikakhala ya ma bit 32 imathera pa 2,147,483,647, ndipo chilichonse chopitirira pamenepo sichikwanamo. Kusefukira kotereku si nkhani ya ophunzira okha. Roketi ya Ariane 5 inaphulika pa ulendo wake woyamba pa 4 June 1996 chifukwa nambala ya ma bit 64 inapanikizidwa m'malo a ma bit 16. Sanailembe munthu pa kiyibodi, koma nthenda yake ndi yomweyi: palibe chomwe chinayeza ngati nambalayo ikukwana.

## Njira yoyamba: kuwerenga nambala mwachindunji

Iyi ndi ija imapezeka m'maphunziro oyambirira: `scanf` mu C, `cin >>` mu C++, `nextInt` ya `Scanner` mu Java. Mumauza chilankhulo kuti "nditengere nambala", icho n'kukatenga.

Mtengo. Pooneka ndi yotchipa kuposa zonse, mzere umodzi basi. Koma ndi chikomekome cha mkuyu. Kuti ikhale yodalirika muyenera kuyang'ana chomwe yabweza, kuchotsa zotsalira, ndi kuyeza kutha kwa zolowa. Mu C++ zikutanthauza kuitana `cin.clear()` kenako `cin.ignore()` nthawi iliyonse kuwerenga kukalephera. Mukamaliza zonsezi, khodi yanu yatalika mofanana ndi ya njira yachiwiri, koma ndi yovuta kuiwerenga.

Kupezeka. Apa palibe woiposa. `scanf` ili pa compiler iliyonse ya C. `Scanner` inalowa mu Java 5 m'chaka cha 2004.

Kusamalira. Vuto lake lalikulu ndi lakuti mafunso amapatsirana matenda. Njirayi siiwerenga mzere, imangotola zomwe ikufuna n'kusiya zina zonse mu buffer, pomwe zolembedwa zimadikirira kuwerengedwa, ndipo funso lotsatira ndilo limakazipeza. Chitsanzo chodziwika mu Java: mwaitana `nextInt`, kenako `nextLine` kuti mufunse dzina. Dzinalo limabwera lopanda kanthu, munthu asanalembe n'komwe, chifukwa `nextInt` inasiya Enter uja ndipo `nextLine` yamutola ngati yankho. Mukasintha ndondomeko ya mafunso, zomwe zinkayenda dzulo zimasokonekera lero, pamalo pomwe simunakhudze.

Zoopsa. Ndimakumbukira kapulogalamu kanga kena ka menu m'masiku ophunzira C. Ndinaika `scanf` mu loop, khodi yobwerezabwereza, yoti izifunsanso munthu akalakwitsa. Poyesa ndinalemba chilembo chimodzi chokha n'kudina Enter. Sikirini inadzaza ndi mawu akuti "Yesaninso" akutsika ngati mvula, osandipatsa mpata wolemba chilichonse, mpaka ndinaimitsa ndi Ctrl+C. Chomwe chinachitika n'chakuti `scanf` ikakumana ndi chilembo chosagwirizana ndi `%d`, siichichotsa. Imachisiya pomwepo. Loop ikabwerera, imapezanso chilembo chomwecho, n'kulepheranso.

Imeneyo ndi yaphokoso. Yachete ndi iyi: mwafunsa kuchuluka kwa katundu, kenako mufunsa kuchuluka kwa mabokosi. Munthu walemba `1 000` posiyanitsa ziro ndi mpata kuti asasokonezeke. `scanf` yatenga 1 n'kunena kuti zayenda. Funso lachiwiri silidikiranso munthu, latola `000` ngati yankho lake. Tsopano muli ndi katundu mmodzi m'mabokosi 0, ndipo palibe uthenga uliwonse wakuti chalakwika. `12abc` imalowa ngati 12, `3.5` imalowa ngati 3 n'kusiya `.5` kuti idzagwetse funso lotsatira. Mzere wopanda kanthu umangodumphidwa, pulogalamu n'kukhala duu ngati yafa.

Pa kusefukira, malamulo a chilankhulo cha C sanena chomwe `scanf` iyenera kuchita nambala ikapanda kukwana. Amachitcha undefined behaviour, kutanthauza kuti chilichonse chingachitike ndipo mulibe podandaulira. C++ ili bwinoko: kuyambira C++11, `cin` imaika nambala yaikulu yomwe ingakwane n'kusonyeza kuti kuwerenga kwalephera.

## Njira yachiwiri: kuwerenga mzere wonse, kenako kuusandutsa

Pano ntchito imagawidwa pawiri. Choyamba mumatenga zonse zomwe munthu walemba mpaka pa Enter, ngati mawu chabe. Kenako mumayesa kusandutsa mawuwo kukhala nambala. Zikakanika, mzerewo mumautaya wonse n'kufunsanso, ndipo palibe chotsala choti chikasokoneze kutsogolo. Mu C ndi `fgets` ndi `strtol`. Mu C++ ndi `getline` ndi `stoi` kapena `from_chars`. Mu Python ndi `input` ndi `int`. Mu Java ndi `nextLine` ndi `Integer.parseInt`. Mu C# ndi `Console.ReadLine` ndi `int.TryParse`.

Mtengo. Zimatengera chilankhulo. Mu Python ndi mizere yochepa:

```python
while True:
    try:
        mawu = input("Zaka zanu: ")
    except EOFError:
        raise SystemExit("Zolowa zatha.")
    try:
        zaka = int(mawu)
    except ValueError:
        print("Lembani nambala yathunthu, monga 25.")
        continue
    if 0 <= zaka <= 120:
        break
    print("Zaka zikhale pakati pa 0 ndi 120.")
```

Mu C thukuta limachuluka. `strtol` imakuuzani zinthu zitatu, koma m'malo awiri osiyana, ndipo muyenera kuyang'ana onse. Imakupatsani pointer, yomwe ndi cholozera chosonyeza pomwe yalekezera kuwerenga. Ngati pointer ija ikuloza poyambira penipeni, palibe nambala yomwe yapezeka. Ngati ikuloza chilembo china chomwe si mpata kapena Enter, ndiye kuti pali zotsalira monga `abc`. Ndipo ngati `errno`, momwe C imasungira chizindikiro cha cholakwika, yasanduka `ERANGE`, nambala yasefukira. Kumbukirani kuika `errno` pa 0 musanaitane, chifukwa `strtol` siifufuta yokha zikayenda bwino. Zonsezi mumazilemba kamodzi mu function imodzi yolandira funso, malire apansi ndi malire apamwamba. Mtengo mumalipira tsiku limodzi lokha.

Kupezeka. Zonse zili m'kati mwa chilankhulo. `strtol` ilipo kuyambira mu C ya 1989. `stoi` inabwera ndi C++11, `from_chars` ndi C++17, ngakhale kuti pa GCC mbali yake yowerenga manambala okhala ndi kadontho inadzafika mu GCC 11. Ngati compiler yanu ndi yakale, yang'anani kaye. `int.TryParse` ilipo kuyambira .NET 2.0 m'chaka cha 2005.

Kusamalira. Ndi pano pomwe njirayi imapambanira. Funso limodzi, mzere umodzi. Mutha kusuntha mafunso, kuwonjezera kapena kuchotsa popanda mantha. Komanso popeza gawo losandutsa limangolandira mawu, mutha kuliyesa ndi mndandanda wa zolowa uja popanda kukhala pa kiyibodi. Mauthenga a zolakwika ndi anu, m'chilankhulo chomwe mukufuna, ndipo mutha kumuuza munthu chenicheni chomwe walakwitsa. Uthenga wakuti "Zaka zikhale pakati pa 0 ndi 120" umathandiza. Wakuti "Cholakwika" umangomusiya m'malere.

Zoopsa. Function iliyonse yosandutsa ili ndi khalidwe lake, ndipo sizifanana. Apa ndikhalitsapo pang'ono.

`atoi` ya C muipewe. Imabweza 0 ikalephera, choncho simungasiyanitse munthu wolemba `0` ndi wolemba `moni`. `stoi` ya C++ imalandira `12abc` ngati 12 pokhapokha mutayang'ana pomwe yalekezera. `parseInt` ya JavaScript imachitanso chimodzimodzi, pomwe `Number` imasandutsa mawu opanda kanthu kukhala 0. `strtoul`, yomwe ndi ya manambala osatsika pansi pa ziro, ikapatsidwa `-1` siidandaula: imabweza nambala yaikulu kwambiri yomwe ingakwane. Ganizirani zimenezo zitachitika pa funso lakuti "makope angati?"

Ndi `strtol` samalani ndi base, nambala yomwe mumaipatsa yoiuza kawerengedwe koti igwiritse ntchito. Mukaika 10, `010` ndi khumi. Mukaika 0, ziro wakutsogoloyo amatanthauza octal, kawerengedwe ka base 8, ndipo `010` imasanduka 8. Kumbukiraninso kuti `long` ndi ya ma bit 64 pa Linux ya ma bit 64, koma ya ma bit 32 pa Windows. Nambala yomwe yakwana mu `long` mwina siikwana mu `int`, choncho yezani malire musanaisamutse.

`fgets` nayo ili ndi kake. Mukaipatsa malo a zilembo 64, munthu n'kulemba 100, imatenga 63 n'kusiya zinazo kuti zikhale yankho la funso lotsatira, nthenda yomwe ija ya njira yoyamba. Mankhwala ake ndi kuona ngati Enter walowa nawo. Ngati sanalowe, tayani zotsalazo. Za `gets` musaganize n'komwe. Inalibe malire aliwonse ndipo inachotsedwa mu C11.

Python ndi yololera kuposa mmene ambiri amaganizira. `int` imadumpha mipata yakutsogolo ndi kumapeto, zomwe ndi zabwino. Kuyambira Python 3.6 imalandiranso `1_000`, ndipo imalandira manambala olembedwa m'zilembo za Chiarabu ndi zina za Unicode. Java imachita mosiyana: `Integer.parseInt` imakana mpata ngakhale umodzi, choncho muyambe mwaumeta ndi `trim`.

Manambala okhala ndi kadontho ali ndi msampha womwe umandiseketsa mpaka lero. `float` ya Python ndi `strtod` ya C zimalandira mawu akuti `nan` ndi `inf` ngati manambala. Tsono `nan` mukaifunsa ngati ndi yochepera 0 imati ayi, mukaifunsa ngati ndi yopitirira 100 imatinso ayi. Ngati munalemba kuti "kanani ikachepera 0 kapena ikapitirira 100", yadutsa pachipata mosavuta. Tembenuzani funsolo: landirani pokhapokha ili pakati pa 0 ndi 100. Ikatero `nan` imakanidwa.

Palinso nkhani ya kalembedwe ka mayiko. Ku Germany ndi ku France chimodzi ndi theka chimalembedwa ndi mpatuliro, `1,5`, pomwe ku United States mpatuliro umasiyanitsa masauzande. Mu C#, `double.TryParse` pa kompyuta yoikidwa pa kalembedwe ka ku United States imawerenga `1,5` ngati 15, osadandaula. Ngati pulogalamu yanu idzayenda pa makompyuta osiyanasiyana, sankhani nokha kalembedwe kamodzi, kaikeni mu khodi, ndipo muuzeni munthu ndi chitsanzo m'funso momwemo.

Chomaliza ndi chomwe ambiri amaiwala: kutha kwa zolowa. Mu C#, `ReadLine` imabweza `null` zolowa zikatha, `TryParse` n'kunena kuti si nambala, loop n'kufunsanso, `ReadLine` n'kubwezanso `null`. Pa kiyibodi simungazione msanga. Zimaonekera tsiku lomwe wina wadyetsa pulogalamu yanu fayilo m'malo molemba pamanja, fayiloyo n'kutha, pulogalamu n'kumafunsabe mpaka kalekale.

## Njira yachitatu: kuyeza maonekedwe a zilembo kaye

Pano mumayang'ana kaye ngati zomwe zalembedwa zikuoneka ngati nambala, pogwiritsa ntchito `isdigit` kapena regex (kalembedwe kachidule kofotokoza zilembo zololedwa), kenako n'kusandutsa.

Mtengo. Pa chinthu chosavuta ndi wochepa. Regex ya `[0-9]+` aliyense angailembe. Mavuto amayamba mukafuna kulola minus, kenako kadontho, kenako mipata. Ikafika pamenepo mwayamba kulembanso function yosandutsa yomwe chilankhulo chinakupatsani kale, koma yanuyo sinayesedwe ndi anthu ambiri.

Kupezeka. Python, Java, C# ndi JavaScript zili ndi regex m'kati. C++ ili nayo kuyambira C++11. C yeniyeni ilibe. Pa Linux ndi macOS mumadalira `regex.h` ya POSIX, yomwe siibwera ndi compiler ya Microsoft.

Kusamalira. Malamulo amakhala m'malo awiri, mu regex ndi mu function yosandutsa, ndipo awiriwa akapanda kugwirizana pulogalamu imagwa pakati pawo. Regex yaitali ndi yovutanso kuiwerenga, ngakhale kwa mwiniwake, pakapita nthawi.

Zoopsa. Chachikulu n'chakuti maonekedwe sanena kukula. `99999999999` ndi manambala okhaokha, regex ya `[0-9]+` iilandira, koma siikwana mu `int`. Mutha kuchepetsa vutoli polola zilembo zosapitirira 9, popeza nambala yotere imakwana nthawi zonse mu ma bit 32, koma malire enieni a funso lanu muyezabe padera. Regex yoyesa kunena kuti "pakati pa 1 ndi 120" ndi chilango chodzipatsa wekha.

`isdigit` ya Python imanamiza mbali zonse ziwiri. Imakana `-5`, yomwe ndi nambala yabwinobwino. Imavomera kachilembo kapamwamba `²`, komwe `int` imakakana ndi `ValueError`. Ndiye mwayeza, mwakhutira, pulogalamu n'kugwabe. Mu regex ya Python, `\d` imalandira manambala a Unicode, ndipo `$` imalola Enter mmodzi kumapeto. Lembani `[0-9]` ndipo gwiritsani ntchito `fullmatch`.

Komabe pali pomwe njirayi ili yokhayo yolondola. Nambala ya foni, PIN, nambala ya chiphaso, zonsezi timazitcha manambala koma sitiziphatikiza kapena kuzichotsera. `0042` mukaisandutsa imakhala 42, maziro awiri atayika, ndipo PIN yasintha. Zoterezi muziyeze maonekedwe n'kuzisunga ngati mawu.

## Njira yachinayi: laibulale yolembedwa kale

Ena anakumana kale ndi mavuto onsewa n'kuwamangira mtolo umodzi. Mu Python muli Click, pomwe mzere umodzi umachita zomwe zinatitengera mizere 13 pamwambapa:

```python
zaka = click.prompt("Zaka zanu", type=click.IntRange(0, 120))
```

Imafunsa, imasandutsa, imayeza malire, imafunsanso zikalakwika, ndipo zolowa zikatha imaima mwaulemu. Mu C, ophunzira a kosi ya CS50 ya ku Harvard amadziwa `get_int`, yomwe imafunsabe mpaka italandira nambala yathunthu. Palinso `argparse` ya Python, ya manambala omwe amaperekedwa poyambitsa pulogalamu osati pofunsana: ikapatsidwa zolakwika imasonyeza kagwiritsidwe koyenera n'kutuluka ndi nambala 2 yosonyeza kuti sizinayende.

Mtengo. Polemba ndi wochepa kwambiri. Mumalipira pophunzira laibulaleyo ndi poiika.

Kupezeka. `argparse` imabwera ndi Python kuyambira 2.7 ndi 3.2. Click muyenera kuiika ndi `pip`, chida choikira malaibulale a Python, zomwe zimafuna intaneti komanso chilolezo pa kompyutayo. Laibulale ya CS50 iyenera kuikidwa pa kompyuta iliyonse yomwe idzapange compile khodi yanu. Mukatumizira mnzanu fayilo imodzi ya C yodalira `get_int`, iye alibe laibulaleyo, palibe chomwe chiyende.

Kusamalira. Walira mvula walira matope. Ena amakukonzerani zolakwika, koma amasinthanso zinthu pa nthawi yawo. Click 8.0, yomwe inatuluka mu 2021, inasiya kugwira ndi Python 2. Function ya CS50 ija poyamba inkatchedwa `GetInt`, ndipo zitsanzo zakale zomwe zili pa intaneti zimasokoneza ophunzira atsopano.

Zoopsa. Laibulale siidziwa tanthauzo la funso lanu. `get_int` ilandira -40 ngati zaka za munthu mosangalala, chifukwa ndi nambala yathunthu. Malire ndi anu. Zolowa zikatha imabweza `INT_MAX`, ndipo mukapanda kuyang'ana muwerengera ndi 2,147,483,647 ngati yankho lenileni. Mu Click, `IntRange` ili ndi `clamp`, yomwe mukaiyatsa imadula nambala yopitirira malire mwakachetechete: munthu walemba 500, pulogalamu yasunga 120. Ndipo mauthenga a zolakwika amabwera m'Chingerezi. Ngati mafunso anu ali m'Chichewa, munthu afunsidwa m'chilankhulo chake koma akalakwitsa adzudzulidwa m'china, pokhapokha mutachita khama lowamasulira.

Ndingotchula pang'ono njira yachisanu yomwe siyenera kukhala pa mndandanda: `eval`. Mu Python 2, `input` inkatenga zomwe munthu walemba n'kuziyendetsa ngati khodi. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 January 2020, koma zitsanzo zokulunga `input` mu `eval` zikadali mbwee. Kutero ndi kupereka pulogalamu yanu yonse kwa aliyense wokhala pa kiyibodi.

## Ndiye musankhe iti?

Ngati zolowa sizichokera kwa munthu koma ku fayilo yomwe maonekedwe ake ndi otsimikizika, monga pa mipikisano yolemba mapulogalamu pomwe funso limaneneratu kuti padzakhala manambala angati ndiponso aakulu bwanji, njira yoyamba ndi yokwanira. Ingoyang'anani chomwe `scanf` yabweza. Ndi yabwinonso pa kapulogalamu kongoyesera ganizo komwe mufufute madzulo ake.

Ngati pali munthu weniweni pa kiyibodi, ndipo pulogalamu ili ndi mafunso opitirira limodzi, tengani yachiwiri. Lembani function imodzi, iyeseni ndi zolowa zonse zija, kenako muziingoitana. Chimodzimodzi ngati ndi ntchito ya kusukulu yomwe mphunzitsi akayese ndi manja ake: `abc` ndi mzere wopanda kanthu ndizo zimayambirira kulembedwa.

Pa menu ya zosankha zochepa, monga 1 mpaka 4, simufunikanso kusandutsa. Werengani mzere, metani mipata, yerekezani ndi mawu anayi ololedwa. China chilichonse chikanidwe.

Pa PIN, nambala ya foni ndi manambala a ziphaso, njira yachitatu, ndipo musasandutse. Yachitatuyi ndi yothandizanso ngati sefa patsogolo pa yachiwiri pomwe mukufuna kukhwimitsa kuposa chilankhulo chanu, mwachitsanzo kukana `1_000` kapena `1e3` mu Python.

Ngati mukulemba chida cha Python chomwe ena aziika ndi `pip`, kudalira Click sikuwonjezera katundu wambiri, ndipo mupindula nayo pa zinthu zinanso. Ngati chidacho chizidzayendetsedwa ndi script (kapulogalamu kena) kapena pa nthawi yoikika popanda munthu pafupi, musafunse mafunso konse. Landirani manambala poyambitsa ndi `argparse`, ndipo zikalakwika pulogalamu ituluke ndi uthenga, chifukwa palibe woti ayankhe "Yesaninso".

Pa ndalama, werengani mzere wonse monga mwa njira yachiwiri, koma musasandutsire ku `float` kapena `double`. Mu manambala amenewo 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004. Gwiritsani ntchito `Decimal` mu Python, `BigDecimal` mu Java kapena `decimal` mu C#, ndipo zipatseni mawu omwe munthu walemba mwachindunji, osadzera ku `float`. Mu C, momwe mulibe zoterezi, gawani mawuwo pa kadontho, kanani ngati kumanja kuli zilembo zopitirira ziwiri, ndipo sungani zonse ngati nambala yathunthu ya timagawo tating'ono kwambiri ta ndalamayo, mu `long long` kuti isasefukire msanga.